Kodi ndalama za munda wa achinyamata zitumize mlongo wathu kutsidya kwa nyanja?

Mlembi_wa_Achinyamata
Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndabwera ndi nkhani imene yatigawa pakati mumpingo mwathu kuno kufupi ndi Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ndikupempha maganizo anu bwalo la akulu a mpingo lisanakhale kumapeto kwa mwezi uno. Mtsikana wina wa m'gulu lathu, amene anamaliza kalasi 12 ndipo wakhala akuphunzitsa Sande sukulu mokhulupirika kuyambira ali wamng'ono, walandira kalata yomuitana kuchokera ku bungwe lina la utumiki. Akufuna kuti akaphunzire ku Brazil kwa miyezi 6, kenako akatumikire ana ndi achinyamata ku Guinea-Bissau kwa zaka ziwiri. Bungwelo lanena poyera kuti silipereka malipiro, choncho tikiti ya ndege, pasipoti, viza ndi chakudya cha mwezi ndi mwezi ziyenera kuchokera kwa iye mwini ndi kwa mpingo umene ukumutuma.

Ife achinyamata tili ndi munda umene amfumu anatibwereka, ndipo chaka chino tagulitsa soya ndi nyemba. Tinapangana kale kuti ndalamazo tigulire zokuzira mawu ndi kukonzera msonkhano wa chitsitsimutso wa achinyamata mu Ogasiti. Tsopano ena akuti zonsezo zipite kwa mlongo wathuyu chifukwa zotere sizinachitikepo pa mpingo wathu, pamene ena akuti nzosamveka kutumiza munthu kutsidya kwa nyanja ife eni tikupemphera m'tchalitchi chodontha. Kodi inu a mipingo ina munakumanapo ndi zotere, ndipo munachita bwanji?

Kachewere_Tsangano
Achimwene, ine ndinena mosabisa. Amishonale amabwera kuno chifukwa osowa ndife. Ngati bungwelo likumufunadi mwanayo, limulipirire lokha, pakuti ku Brazil kuli mipingo ikuluikulu yokhala ndi chuma kuposa ife alimi a mbatata. Ndalama za soya zigwire ntchito imene munapangana.

Mayi_wa_Chigwirizano
Ndisanalankhule za ndalama, mtima wanga uli pa mwanayo. Kodi bungwelo mukulidziwa bwino? Kalata ya chidindo aliyense angathe kuipanga pa kompyuta masiku ano. Tonse tinamva pa wailesi za atsikana a ku Malawi amene anatengedwa kupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, koma atafika analandidwa mapasipoti n'kumagwira ntchito ya m'nyumba mozunzika, ndipo kuwabweza kwawo inali ntchito yaikulu. Anthu oipa amadziwa kuti ife akhristu tikamva dzina la Mulungu timachita manyazi kufunsa, koma safunsa anadya phula. Amayi ake a mtsikanayo akuti chiyani? Nanga amalume ake?

Mlembi_wa_Achinyamata
Zikomo amayi. Kalatayo sinabwere kudzera pa Facebook ayi. Inabwera kudzera kwa banja lina la amishonale a ku Brazil limene linakhala kuno likuphunzitsa aphunzitsi a Sande sukulu, ndipo abusa athu amalidziwa bwino. Chimene sichinachitike nchakuti palibe wa mpingo wathu amene walankhulapo ndi anthu a ku Guinea-Bissau kumene akagwire ntchitoyo. Za kubanja, amayi ake avomera ngakhale akulira, koma amalume ake sanayankhe kanthu.

Mtumiki_Moatize
Poyambira ndi pamenepo, alembi. Amene akumuitana mukuwadziwa, koma amene akamulandire simukuwadziwa, chonsecho iwowo ndi amene akakhale naye zaka ziwiri. Mwayi umene tili nawo ife a ku Mozambique ndi wakuti ku Brazil ndi ku Guinea-Bissau konse Chipwitikizi ndi chilankhulo cha boma, choncho simufunika womasulira. Abusa anu alembe kalata ku mpingo umene ukamusunge ku Bissau, kenako pakhale kulankhulana koonana nkhope pa WhatsApp, akulu a mpingo ndi amayi ake a mwanayo ali pomwepo. Mufunse kuti akagona nyumba iti ndiponso ndi ndani, mayi amene akamuyang'anire ndi uti, akadwala akapita chipatala chiti ndipo alipire ndani, komanso ngati bungwelo linalembetsedwa ku boma la dziko lawo. Munene momveka kuti pasipoti yake azisunga yekha. Mupemphenso nambala ya mtsikana wina amene anamaliza kale maphunziro amenewo, kuti mlongo wathuyu alankhule naye paokha.

Pasipoti akaitenge yekha ku ofesi ya Migração, yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ku Tete, ndipo viza ipemphedwe ku ofesi ya kazembe wa Brazil pa chifukwa chenicheni cha ulendowo, osati ngati munthu wokaona malo. Musalole munthu wapakati amene akuti adzafulumizitsa mapepala mukamupatsa kenakake. Pomaliza, sinodi yanu idziwe ndi kuvomereza, kuti tsiku lina zinthu zikavuta pakhale ofesi yolemba kalata yomveka. Bungwe loona silikwiya likafunsidwa mafunso amenewa.

Gogo_wa_ku_Mphatso
Ana anga, ndiloleni ndiyankhe a Kachewere pa mawu akuti ife ndife olandira okha. Mishoni ya Mphatso inatsegulidwa mu 1909 ndi mbusa A.G. Murray wa mpingo wa Dutch Reformed, koma mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo ndipo amishonale anachoka. Kodi mukuganiza kuti anasunga chikhulupiriro ndani zaka zonse zotsatira? Anali makolo athu, amene ankayenda wapansi kudutsa malire kukabatizitsa ana ndi kukadya mgonero ku mipingo ya Nkhoma, ndiponso abale a tsidya lija amene ankabwera kudzatilimbikitsa atanyamula kamba wa m'nyumba mwawo. Ife tinakula tikumva mayina a anthu amenewo akutchulidwa m'mapemphero.

Ndipo kutuma mwana wa mu Africa kudziko lachilendo si chinthu chatsopano. William Koyi anali mnyamata wa Chixhosa wophunzira ku Lovedale ku South Africa. Mu 1876 anadzipereka kupita ku mishoni ya Livingstonia, ndipo chifukwa ankamva chilankhulo cha Angoni, ndi iye amene anatsegula njira kwa Angoni a M'mbelwa ku Njuyu, kumene anamwalira mu 1886. Nafenso m'masiku athu, pangano la mtendere lothetsa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu amene anathawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza anabwerera atanyamula Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo, n'kuyambitsa mapemphero pansi pa mitengo m'midzi imene inali mabwinja. Sukulu ya zaubusa ya Hefsiba ku Ulongué inayamba m'zaka zomwezo. Mpingo uno unamangidwa ndi osauka amene anayenda, ndiye musawauze ana kuti kutuma ndi kwa azungu.

Kachewere_Tsangano
Agogo, mbiriyo ndikuilemekeza, koma anthu amenewo ankayenda wapansi. Sankafuna tikiti ya ndege.

Gogo_wa_ku_Mphatso
Nzoona mwana wanga, koma ankasiya munda nthawi yopalira, ndipo inu monga mlimi mukudziwa kuti mtengo umenewo si wochepa.

Katekisiti_Lifidzi
Ine ndine wa mpingo wa Katolika, koma ndikhulupirira kuti mundilola kuikapo mawu. Kwathu chaka chilichonse m'mwezi wa Okutobala timakhala ndi Lamulungu la Mishoni, limene Papa Pius XI anakhazikitsa mu 1926, ndipo chopereka cha tsikulo sichitsala pa parishi. Mphakati wa kumudzi umene anthu ake amapereka makobili ochepa umaponya m'thumba limodzi ndi parishi ya ku Lisbon kapena ku Roma, ndipo thumbalo ndi limene limathandiza madera a mishoni, kuphatikizapo ife tomwe. Chimene ndaona pa utumiki wanga nchakuti mwana amene waphunzira kupereka kwa anthu amene sadzawaona ndi yemweyo amene mawa amanyamula njerwa pomanga tchalitchi cha kwawo, choncho sindiopa kuti kutuma munthu kunja kudzaumitsa denga lanu.

Komabe ndichenjezepo. Pamene achinyamata a Katolika a dziko lonse lapansi anasonkhana ku Lisbon mu Ogasiti 2023, ambiri kuno ankalakalaka ulendowo, ndipo zinali zovuta kusiyanitsa wofuna kukapemphera ndi wofuna kukaona Ulaya. Mpingo wotuma uyenera kumuyesa munthuyo kwawo kaye. Ngati mtsikanayu wakhala akuphunzitsa ana popanda malipiro kapena womuyamikira, umenewo ndi umboni wolemera.

Chiuta_Kwathu
A Katekisiti, mawu anu ndi abwino, koma musaiwale kuti Mphatso atatsekedwa mishoni za Katolika zinapitiriza, chifukwa boma la atsamunda linkakondera mpingo wanu, makamaka pambuyo pa pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican. Ife tinazolowera kudzidalira chifukwa tinalibe boma kumbuyo kwathu.

Katekisiti_Lifidzi
Za pangano la 1940 sindikana. Koma mbiri ili ndi mbali zinanso. Ansembe a chipani cha Jesuit amene anayambitsa mishoni za Boroma ndi Lifidzi anathamangitsidwa ufumu utagwa ku Portugal mu 1910. Kuphedwa kwa anthu a ku Wiriyamu kuno ku Tete mu Disembala 1972 kunadziwika padziko lapansi kudzera mwa ansembe. Ndipo pa 30 Okutobala 1985 Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia konkuno, anaphedwa ku Chapotera pamodzi ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal. Mmodzi anali wa kuno, wina anaoloka nyanja, ndipo anafera pa ntchito imodzi.

Woyang'anira_Gulu
Abale, nkhani ya mbiri ya mipingo ndi yofunika ndipo tidzaitsegulira malo ake tsiku lina. Pakadali pano alembi akudikira uphungu bwalo lawo lisanakhale. Tiyeni tibwerere kwa mtsikanayo ndi ndalama za soya.

Mphunzitsi_Furancungo
Ine sinditsutsa kutuma anthu kunja, koma ndikupempha kuti tisapeputse msonkhano wa achinyamata ngati kuti ndi chisangalalo chabe. Ndimaphunzitsa kusekondale, ndipo chaka ndi chaka ndimaona atsikana akusiya sukulu chifukwa cha mimba ndi maukwati, ngakhale kuti kuyambira 2019 dziko lathu lili ndi lamulo loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. Anyamata nawonso fodya akangogulitsidwa ambiri amathera kumowa, ena amatsikira ku Moatize kukasaka ntchito ku migodi ya malasha n'kubwerako chimanjamanja. Masiku atatu a chitsitsimutso, pamene mtsikana amakhala pansi ndi amayi okhwima m'chikhulupiriro n'kufunsa zimene sangafunse kunyumba, nthawi zina ndi amene amamusunga pasukulu.

Ndiponso ngati cholinga ndi kukatumikira kumene antchito ndi ochepa, pasipoti sifunika. Pitani ku Marávia, ku Zumbo kapena m'midzi ya mkati mwa Chifunde, mukapeza mipingo imene imaona mbusa mwa apo ndi apo, ana ambiri koma wowaphunzitsa palibe. Ku Cabo Delgado, kumene nkhondo inayamba mu 2017, kuli ana amene anathawa kwawo ndipo akukulira m'misasa. Ndalama ya ulendo umodzi wa ku Brazil ingathe kusunga mlaliki kumalo amenewa kwa nthawi yaitali. Funso limeneli liyankhidwe moona, lisangokwiriridwa ndi mavesi.

Mbusa_Wopuma
Aphunzitsi, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilikwirira. Koma taonani kuti pamene mpingo wa ku Antiokeya unapatula Barnaba ndi Saulo, monga tiwerenga pa Machitidwe 13, mumzindamo munali mukadali anthu ochuluka osamva Uthenga, ndipo amene unatumawo anali aphunzitsi ake odalirika, osati anthu osowa chochita. Mpingo umene ukudikira kuti ntchito ya kwawo ithe kaye sudzatuma munthu mpaka Ambuye adzabwera. Pa Machitidwe 1:8 Yerusalemu, Yudeya, Samariya ndi malekezero a dziko atchulidwa pamodzi, choncho Chifunde ndi Bissau zonse ndi udindo wathu, monga mwa mphamvu zimene tapatsidwa. Ndiponso Mulungu saitana munthu potsata kuchepa kwa mtengo wa ulendo. Ngati mpingo wamuyesa mwanayu n'kuona kuti maitanidwe ake ndi oona, sitingamuuze kuti apite ku Zumbo chifukwa choti kumeneko kumafika chapa, minibasi yonyamula anthu.

Koma pa ndalama za soya ndili kumbali ya a Kachewere. Achinyamata analima mundawo atapangana chimene ndalamazo zidzachite, ndipo ena anapalira ndi njala mu Januwale chifukwa cha pangano limenelo. Akulu a mpingo akangozitenga n'kuzipatsa ntchito ina, ngakhale ntchitoyo ikhale yopatulika chotani, chaka chamawa kumundako kudzapita anthu owerengeka. Werengani 2 Akorinto 8. Abale a ku Makedoniya anali osauka kwambiri, koma anapempha okha kuti aloledwe kuthandiza, palibe anawalanda. M'mutu womwewo Paulo anafuna kuti munthu wosankhidwa ndi mipingo ayende nawo ponyamula thandizolo, kuti pasapezeke wowanena pa za ndalama. Choncho eni munda akhale paokha, popanda mkulu wowayang'ana m'maso, anene okha gawo limene akufuna kupereka. Zotsalazo zichokere m'thumba latsopano la mpingo wonse, pakuti wotuma ndi mpingo, osati gulu la achinyamata lokha.

Wa_ku_Joni
Moni kwathu konse. Ine ndili ku Johannesburg ndipo ndimapemphera ndi abale ochokera ku Angónia ndi ku Dedza. Ndikufuna kunena zimene ndinaona ndi maso anga. Mpingo wina wa kumudzi unatuma mnyamata kuti adzatumikire pakati pa ife obwera kudzagwira ntchito kuno. Tsiku lotsanzikana kunali makwaya, kunali mpunga ndi nyama, ndipo anthu analonjeza zambiri. Miyezi yoyamba ndalama zinkabwera, kenako zinayamba kuchedwa, kenako foni ya msungichuma inasiya kuyankhidwa. Mnyamatayo ankachita manyazi kupempha, moti tinadziwa mochedwa kuti akugona m'kachipinda kosungiramo mipando ya tchalitchi. Pomaliza anasiya utumiki n'kuyamba maganyu omanga nyumba, ndipo kwawo anayamba kumunena kuti wakonda ndalama za ku Joni, chonsecho omwe ankamunenawo ndi amene anasiya kutumiza.

Tikiti si yovuta, chifukwa imagulidwa kamodzi anthu mitima ikadali yotentha. Chovuta ndi chaka chachiwiri, kwathu kuli njala, dzina lake silikutchulidwanso pa zolengeza za Lamulungu. Ngati simungathe kulonjeza zaka ziwiri zonse, ndi bwino kumuuza lero akadali pakhomo pa amayi ake. Ngati mulonjeza ndipo zinthu ziyenda poyera, ine ndi anzanga angapo kuno tidzaikapo gawo lathu mwezi uliwonse.

Namwino_Zobue
Ndionjezepo za umoyo wake, pakuti zimaiwalika. Polowa ku Guinea-Bissau amafuna chikalata chosonyeza kuti munthu analandira katemera wa yellow fever, ndiye afunse msanga kuchipatala chachikulu kumene angaulandire. Dzikolo ndi lotentha, la m'mphepete mwa nyanja, malungo ndi ambiri, ndipo mwana wokulira m'mphepo ya ku Angónia adzavutika miyezi yoyamba. Inshulansi ya umoyo ilowe m'ndondomeko ya ndalama kuyambira pachiyambi.

Chinanso, tisamanamizane kuti Chipwitikizi chokha chikamukwanira. Kumeneko pamsika ndi pabwalo pamene ana amasewera amalankhula Kriol, ndipo kumidzi kuli zilankhulo za Abalanta, Afula, Amandinga ndi ena. Anthu ambiri ndi Asilamu kapena otsata chipembedzo cha makolo, akhristu ndi ochepa, choncho mwana amene akabwere kwa iye ali ndi makolo ofunika kuwalemekeza ndi kuwapempha chilolezo. Afunse ngati maphunziro a ku Brazil amakhudza zimenezi. Ndikanakondanso kuti apite ali ndi luso la m'manja, kaya kuphunzitsa ana kuwerenga kaya kusoka, monga Paulo ankasoka mahema, kuti asakhale munthu wongodikira foni ya kwawo, ndiponso kuti akadzabwerera asadzayambire pansi.

Mbale_wa_Banja
Ine ndine wachibale wa mtsikanayu ndipo ndawerenga zonse mwakachetechete. Ndikupempha kuti amalume ake asaoneke ngati munthu wodana ndi ntchito ya Mulungu. Bambo ake a mwanayu anamwalira, ndipo amalumewo ndi amene anagulitsa ng'ombe kuti amalize sekondale, poyembekezera kuti akachita maphunziro a uphunzitsi adzathandiza azing'ono ake. Lero akumva kwa anthu a m'njira kuti mpingo ukukonza zomutumiza kutsidya kwa nyanja, koma palibe mkulu wa mpingo amene wafika pakhomo pawo. Mwa mwambo wathu mwana wa mbumba sachoka mwinimbumba asanalankhule. Kukhala chete kwawo si kukana, akudikira kuti aonedwe ngati munthu. Akulu apite akakhale nawo pamphasa, awafotokozere bwinobwino, ndipo ayankhe funso limene adzafunse ndithu, lakuti ana otsalawo awalipirira ndani sukulu.

Mayi_wa_Chigwirizano
Mwamva nonse? Zimenezi ndi zimene ndinafunsa poyamba. Mpingo ukatenga mwana amene banja limamudalira, watenganso katundu amene mwanayo akanasenza. Amayi a chigwirizano a pa mpingo wanu alembe dzina la mayi wamasiyeyo, amuthandize kupalira ndi kukolola zaka ziwiri zimenezo, ndipo makope ndi yunifomu za azing'ono ake zilowe m'chiwerengero. Mukapanda kutero anthu a m'mudzi adzati mpingo unalanda mwana wa wamasiye, ndipo sadzakhala akunama.

Msungwana_wa_Kwaya
Zikomo makolo athu potilola kulankhula. Ine ndine mmodzi wa amene analima mundawo, ndipo ndikupempha kuti mawu athu amveke monga abusa anenera. Ambiri a ife tikufuna kuti mnzathuyu apite, chifukwa timamudziwa. Ndi iye amene amayenda ulendo wautali Lamulungu masana kukaphunzitsa ana a kumlaga wakutali kumene ena amakana kupita. Zokuzira mawu tingathe kubwereka ku mpingo woyandikana nawo monga timachitira kale, koma chitsitsimutso sitikufuna kuti chilephereke, pakuti anzathu a m'midzi amachiyembekezera chaka chonse. Maganizo a ambiri ndi akuti ndalama ya zokuzira mawu ipite kwa iye, ya msonkhano ikhale pamalo pake.

Chimene chikutipweteka ife atsikana nchakuti ena kutchalitchi akumufunsa kuti adzakwatiwa liti akapita kutali chotero. Mnyamata wa kwathu atapita ku Hefsiba kukaphunzira zaubusa, palibe anamufunsa funso limenelo.

Gogo_wa_ku_Mphatso
Walankhula bwino mdzukulu wanga. Funso limenelo lisafike n'komwe pa bwalo la akulu.

Msungichuma_Domue
Ndalankhula mochedwa chifukwa ndimadikira kuona ngati pali amene atchule nyengo. Ife ndalama timaziona kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene tikugulitsa soya, nyemba, chimanga ndi fodya. Lonjezo la mwezi ndi mwezi ndi loyenera anthu apantchito a ku Tete, ku Moatize ndi ku Joni. Mlimi mukamulembetsa mametikali 100 pamwezi, mu Febuluwale adzalephera, adzayamba kuzemba msungichuma, mwinanso kujomba kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Kwa alimi pemphani nthawi yokolola: ndowa ya chimanga kapena ya soya pa banja lofuna, padera pa chopereka cha masika cha nthawi zonse. Zigulitsidwe pamodzi, ndipo ndalama za chaka chonse zikasungidwe kubanki. Apantchito atumize ndalama pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Anthu 40 opereka mametikali 100 aliyense akwanitsa 4,000 pamwezi, ndipo ndi bwino kudalira ambiri opereka pang'ono kusiyana ndi munthu mmodzi wolemera amene akakhumudwa ntchito yonse imaima.

Akaunti ya kubanki isainidwe ndi anthu atatu, mmodzi wa achinyamata, mmodzi wa chigwirizano cha amayi ndi mkulu wa mpingo mmodzi. Abusa asakhalepo, pofuna kuteteza dzina lawo. Lipoti liwerengedwe pamaso pa mpingo miyezi itatu iliyonse, pamodzi ndi kalata yochokera kwa mtsikanayo, kuti anthu amve kumene chimanga chawo chafika. Kumbukiraninso kuti ku Brazil akagula zinthu ndi real, ku Guinea-Bissau ndi franc CFA, ndipo posintha ndi potumiza ndalama pali gawo limene limatsala m'njira. Bungwelo lilembe pa pepala mtengo wa mwezi umodzi m'ndalama za kumeneko, inu muonjezerepo kenakake. Amene apereka makwacha, monga zimachitikira kuno kumalire, muwasinthe msanga, pakuti munaona mmene kwacha inagwera mu Novembala 2023. Koposa zonse, ndalama ya tikiti yobwerera ipatulidwe poyamba ndipo isakhudzidwe ngakhale denga litagwa.

Kachewere_Tsangano
Ndawerenga zonse. Ndikuona kuti ambiri mwatsimikiza kuti mwanayo apite, ndipo ine sindimutsekera njira. Koma mtima wanga sunakhazikike, chifukwa dzina la Brazil latidzutsa tonse, pamene mlaliki wa ku Chifunde amene njinga yake inathyoka palibe anamutsegulirapo zokambirana pa gulu lino. Ngati mutsegula thumba la mishoni, gawo lina lipite kwa otumikira mkati mwa Tete, ndipo thumbalo lisatsekedwe mtsikanayo akadzabwera. Mukavomera zimenezo, thumba langa la mbatata lidzafika.

Mphunzitsi_Furancungo
Pamenepo ndili nanu, a Kachewere. Ndikupemphanso kuti zilembedwe kuti akadzabwerera adzaphunzitse aphunzitsi a Sande sukulu a m'maboma ano zimene akaphunzire kumeneko.

Mbusa_Wopuma
Maganizowo ndi abwino, koma gawanani mutawerengera kaye. Mukagawa thumba losakwanira, mlaliki sapeza njinga ndipo mtsikana agona ndi njala kudziko la eni. Ngati ndalama sizikwana chaka chino, palibe tchimo kulembera bungwelo kuti adzapita chaka chamawa, ndipo chaka chodikiracho akatumikire ku Chifunde kapena ku Marávia mpingo ukumuthandiza. Mukatero mudzamuyesa iye, komanso mudzadziyesa nokha ngati mumatha kusunga lonjezo.

Mlembi_wa_Achinyamata
Zikomo kwambiri nonse. Ndalankhula ndi abusa madzulo ano. Loweruka akulu awiri apita kwa amalume ake pamodzi ndi amayi awiri a chigwirizano. Lamulungu mapemphero akatha achinyamata tikhala patokha kuti tinene za ndalama za munda. Ku bwalo ndikapereka nkhani ya thumba la mishoni monga a msungichuma a ku Domue afotokozera, pamodzi ndi pempho la a Kachewere ndi maganizo a abusa akuti ngati ndalama zipelewera ayambe watumikira kuno. Mtsikanayo wawerenga zonse ndipo wati ndi wokonzeka kudikira ngati mpingo utero. Chimene chatsala ndi kulankhula ndi anthu a ku Bissau. A Mtumiki a ku Moatize, kodi mungatilembere mafunso aja m'Chipwitikizi chomveka bwino?

Mtumiki_Moatize
Ndilemba usiku uno ndipo nditumiza kwa inu ndi kwa abusa, pamodzi ndi mafunso a anamwino okhudza chipatala ndi chilankhulo. Popangana nthawi yoimba foniyo kumbukirani kuti ku Bissau wotchi ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi kuno, ndipo musankhe malo amene intaneti imagwira bwino, kuti amayi ake aone nkhope ya mayi amene akamusungire mwana.